Nkhono zonse n'zimodzi? Yankho kwa aphunzitsi a ku Chamama

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera cha ku Chamama. Dzina ndabisa poti sindinawapemphe. Analemba motere:

"Achimwene, ndimawerenga zimene mumalemba za kudimba. Ndikafika pa mutu wa kugawa zamoyo m'magulu, ana amangoloweza Mollusca ndi Gastropoda ngati nyimbo ya kwaya, koma osatolapo kanthu. Tsiku lina mnyamata wina anabwera ndi chinkhono m'jumbo, akuti agogo ake amati n'chimene chimabweretsa likodzo, ndiye kwawo akachiona amachiphwanya. Ndinamuyankha mwachidule koma mtima sunakhale pansi. Mawu amenewa ndingawanene bwanji m'Chichewa? Nanga nkhono zonse n'zimodzi?"

Zikomo aphunzitsi. Ndiyamba ndi mnyamatayo, chifukwa mwini nkhani ndi iyeyo. Chinkhono cha m'jumbocho chikungofera za eni. Mlandu wake ulipo, inde: chimadya mbande za mpiru ndi tomato usiku, m'mawa n'kukusiyirani timitengo ndi mzere wonyezimira wa mamina. Koma za likodzo sichizidziwa. Wosunga likodzo ndi kankhono ka m'madzi, kochepa ngati njere ya mtedza, kamene mwina agogowo sanakayang'anitsitsepo chibadwire, ngakhale amakapondaponda tsiku ndi tsiku pochapa kudambo.

Agogowo sindingawaseke. Anamva pa wailesi kapena kwa alangizi a zaumoyo kuti "likodzo limachokera ku nkhono", ndipo uthengawo ndi woona. Chimene chinawasocheretsa n'chakuti ife tili ndi liwu limodzi lokha, nkhono, pa zamoyo zimene akatswiri amaziwerenga mitundu zikwi makumimakumi. Munthu akamva "nkhono" amaona ija yaikulu imene imatuluka ndi mvula yoyamba. Ndiye ngati mukufuna chifukwa chouza ana kuti mutu umenewu si wongolowezera mayeso, chifukwacho anakubweretserani m'jumbo.

Musawauze ana kuti Chichewa sichigawa zamoyo. Chimagawa, kungoti chimafunsa mafunso ake. Funso loyamba n'lakuti, chimadyedwa? Chodyedwa ndi nyama, ndiwo. Chosadyedwa, choluma kapena choononga mbewu ndi chirombo, chikachepa n'kachirombo. Kuno ku Kasungu nkhono imagwera kwa zirombo. Ku Ghana ndi ku Nigeria nkhono zikuluzikulu za mtundu womwewu amaziweta n'kumazigulitsa pamsika ngati ndiwo zapamwamba. Funso lachiwiri ndi msinkhu, ndipo limayankhidwa ndi kamphatikiram'mbuyo chabe: chinkhono, nkhono, kankhono. Asayansi amafunsa lina: ndani anabadwa kwa yani? Amagawa potsata ubale. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti mwana wa Mchewa ali ndi poyambira kuposa mmene timaganizira, chifukwa za ubale timazidziwa. Mwana aliyense wa m'kalasi mwanu angakuuzeni kuti pali mtundu, m'kati mwake muli mafuko, m'fuko muli mbumba, mbumba ili ndi bele lalikulu ndi bele laling'ono, mpaka kufika pa khomo la munthu. Makwerero a m'buku aja, kuchoka pa kingdom kutsika mpaka species, ndi omwewo: ukamatsika, abale akucheperachepera koma akufanana kwambiri. Sindikunena kuti mufananize khwerero lililonse ndi liwu lathu limodzi. Mukatero mudzakakamira pa order, limodzi mwa makwerero apakati. Ingowapatsani chithunzicho.

Dzina la sayansi la mawu awiri, limene mtundu uliwonse wa chamoyo umapatsidwa, ndi losavuta kuposa zonse. Anakhazikitsa kalembedwe kake ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo maina a nyama amawerengedwa kuyambira m'buku lake la 1758. Zili ngati m'kaundula wanu wa kalasi: chiwongo patsogolo, dzina la mwana pambuyo. Mu Bulinus globosus, Bulinus ndiye chiwongo, chimayamba ndi chilembo chachikulu. Globosus ndi dzina lake, kutanthauza wobulungira. Mbale wake ndi Bulinus nyassanus, wa ku Nyasa. Maina ena a nkhono ali chimodzimodzi: natalensis ndi wa ku Natal, ku South Africa. Pfeifferi anamutcha potsata Pfeiffer, katswiri wa nkhono wa ku Germany, monga ife timatchira mwana dzina la malume ake. Ana a ku Kamuzu Academy, apo pa Mtunthama pafupi nanu, amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndiye maina otere sawaopsa. Anuwo akusowa kungowatsegulira mawu asanu kapena asanu ndi limodzi basi, mantha atha.

Mollusca likuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chofewa. Nenani kuti "zathupi lofewa, lopanda fupa". Muli nkhono, muli zija za zigoba ziwiri zotsekeka ngati chikwama zimene zimakwiririka mumchenga wa mumtsinje, mulinso octopus wa m'nyanja ya mchere. Gastropoda ndi mawu awiri a Chigiriki, mimba ndi phazi, ndipo anawalumikiza ndi Georges Cuvier wa ku France m'ma 1790. Ine ndimati "zoyenda chamimba". Koma muwachenjeze ana kuti dzinalo linaphonya pang'ono: chimene nkhono imakwawira si mimba, ndi phazi lenileni, mnofu umodzi wamphamvu. Matumbo ali m'mwamba, anapindika m'kati mwa chigoba. Ikani nkhono pa galasi la windo ana ayang'ane kunsi, aona timafunde tikuyenda m'phazimo kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo. Phunziro limenelo saliiwala.

Mawu a ziwalo, ine ndimawanena chonchi. Shell ndi chigoba, aliyense akudziwa. Chimapangidwa ndi calcium carbonate, yemwe alinso m'chigoba cha dzira ndi m'laimu wothira m'munda. Dontheza viniga pa chigoba chouma, chichita tithovu. Chimene chimamanga chigobacho ndi mantle, kachikopa kofunda thupi kamene kamawonjezera mzere watsopano kukamwa kwa chigoba pamene nkhono ikukula, n'chifukwa chake kansonga ka pamwamba ndiko kakale kuposa mbali ina iliyonse, ndi nyumba imene inabadwa nayo. Radula ndimaitcha lilime la tupa, chifukwa ndi lamba wa timano zikwizikwi timene nkhono imapalira tsamba monga tupa amadyera khasu. Usiku kukakhala zii, chinkhono chikamadya kabichi umachita kumva kukwecha. Tentacles ndi tinyanga. Operculum ndi chitseko, kachivindikiro kolimba kamene nkhono zina zimayenda nako kumbuyo kwa phazi n'kudzitsekera zikalowa. Chinkhono cha kumtunda chilibe chitseko, ndiye chilimwe chikafika chimadzikwirira n'kumata pakhomo ndi mamina amene amauma n'kuyera ngati pepala. Chimatacho ndi epiphragm, ndipo kugonera chilimweko ndi aestivation. Ndiko kuyankha funso la ana lija lakuti nkhono zimachokera kuti mvula ikagwa. Sizigwa ndi mvula. Zinali pansi pa zinyalala kuseri kwa bafa kuyambira Meyi.

Hermaphrodite ndi "yaimuna ndi yaikazi yomwe". Apa kalasi iseka, alekeni aseke. Nkhono zambiri za kumtunda zili choncho, zikakumana ziwiri zonse zikhoza kukaikira mazira. Bulinus ikhoza ngakhale kudzipatsa yokha, moti kankhono kamodzi kotsala m'matope kakhoza kudzazanso chithaphwi chonse.

Tsopano kusiyanitsa. Mabuku ali ndi makiyi ataliatali, koma pa nkhono za m'madimba ndi m'madambo athu ano mafunso anayi akukwana.

Loyamba: mwaipeza kumtunda kapena m'madzi? Ya kumtunda ili ndi tinyanga tinayi, maso ali kunsonga kwa tiwiri titalitali, ukatikhudza timalowa m'kati ngati chala cha sokosi. Zikuluzikulu za chigoba chosongoka cha mizere yofiirira ndi za banja la Achatinidae. Palibe ya kumtunda imene imasunga likodzo. Mlandu wa chinkhono cha m'jumbo wathera pomwepa.

Lachiwiri, kwa za m'madzi: ili ndi chitseko? Ngati ili nacho, si ya likodzo lathu lino. Zija zobulungira zazikulu ngati ndimu zimene mumapeza zigoba zake zili mbwee m'mphepete mwa Bua madzi akaphwa ndi Lanistes. Zimadyedwa ndi mbalame ija yakuda ya mlomo wosakumana pakati. Zija zazitali zosongoka ngati msomali ndi Melanoides, pafupifupi zonse n'zazikazi ndipo zimabereka ana amoyo popanda yaimuna.

Lachitatu: chigoba ndi chophwatalala kapena chili ndi nsonga? Chophwatalala, chozungulira ngati nkhata yaing'ono kapena batani la malaya, ndi Biomphalaria. Imeneyo imasunga Schistosoma mansoni, likodzo la m'matumbo, lija lotupitsa chiwindi ndi kapamba, magazi n'kumaoneka m'chimbudzi.

Lachinayi ndi limene ndimalikonda, chifukwa ana amachita kudabwa kuti nkhono nazo zili ndi amanzere. Gwirani chigoba, nsonga iloze kumwamba, kukamwa kwake kuyang'ane inu. Nkhono zambiri padziko kukamwa kumakhala kudzanja lanu lamanja. Kankhono kopanda chitseko kamene kukamwa kwake kali kumanzere, kakayikireni: ameneyo ndi Bulinus, wosunga Schistosoma haematobium, likodzo la m'chikhodzodzo. Ndati kakayikireni, sindinati kaweruzeni, chifukwa pali kena kotchedwa Physa, nakonso n'kamanzere, kosalala ndi kosongoka, koma sikasunga likodzo. Komanso si Bulinus aliyense amene amalisunga. Lanistes nayenso amaoneka wamanzere, n'chifukwa chake funso la chitseko liyenera kubwera poyamba. Kopanda chitseko koma kamanja, kachigoba kopyapyala, kukamwa kwakukulu, tinyanga tophwatalala ngati makutu a mphaka, ndi Lymnaea natalensis. Ameneyu ndi mdani wa a ng'ombe. Amasunga Fasciola gigantica, nyongolotsi yonga tsamba imene imakhala m'chiwindi. Amene munaonapo chiwindi cha ng'ombe pa bucha chili ndi timipaipi toyera tolimba, mpeni ukamadutsa n'kumalira, mwaiona ntchito yake. Ng'ombe imatenga podya udzu wa m'dambo pamene timphutsi tamamatira, osati pakhungu.

Ine likodzo ndinalidziwira pa nazale ya fodya. Ndili mnyamata, Seputembala ndi Okutobala, ntchito yanga inali kuthirira mabedi m'mawa ndi madzulo. Madzi tinkatunga pa chithaphwi cha m'dambo chimene sichinkaphwa, ndipo poti m'mphepete munali matope, unkalowa mpaka m'mawondo kuti ndowa idzaze bwino. Dzuwa likafika paliwombo tinkabwereranso kukasambira, osadziwa kuti masana ndi pamene tizilomboto timatuluka kwambiri mu nkhono. Pansi pa masamba a kakombo panali tinkhono takuda, tinkatitola n'kumagendana nato. Itafika Disembala ndinayamba kuona dontho lofiira pomaliza kukodza. Anzanga anandiuza kuti ndakula, ndipo ndinanyada nazo kwa miyezi ingapo, mpaka amayi ataona kabudula pochapa. Chikhulupiriro chimenecho chikadalipo, aphunzitsi, ndipo mwina chili m'kalasi mwanu momwemo. Kwa atsikana n'zoipirapo, chifukwa likodzo lomweli limafika ku ziwalo zoberekera, kutulutsa magazi ndi zilonda, mwana n'kumanamiziridwa matenda opatsirana pogonana.

Ulendo wa kachiromboka ndi umene umasonyeza bwino malo a nkhono pa mlanduwu. Nkhono siibadwa ndi likodzo. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa n'kutulutsa miracidium, kamphutsi kosambira kamene kali ndi maola ochepa chabe kuti kapeze nkhono ya mtundu wake. Kakapeza Lanistes kapena Melanoides, kafa. Kakapeza Bulinus woyenera, kamalowa n'kuchulukana m'menemo, ndipo pakatha mwezi kapena kuposerapo mumatuluka ma cercaria, a mchira wa mphanda, mazanamazana tsiku lililonse. Amenewo ndiwo amaboola khungu la wochapa, wothirira ndi wosambira. Akapanda kupeza munthu amafa pakatha masiku awiri kapena atatu, n'chifukwa chake madzi a kudambo ogonetsedwa mu diramu masiku atatu saopsa kusamba. Nyongolotsiyi anaiona koyamba ndi dokotala Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851, ndiko kunachokera dzina loti bilharzia, koma zinatenga mpaka 1915 kuti Robert Leiper asonyeze, konko ku Egypt, kuti likodzo la m'chikhodzodzo ndi la m'matumbo ndi nyongolotsi ziwiri zosiyana, iliyonse ndi nkhono yake. Panadutsa zaka 64, ndipo chimene chinamasula mfundo ndi kusiyanitsa nkhono. Mankhwala ake lero ndi praziquantel, aja amagawidwa m'sukulu atamuyeza mwana msinkhu pa ndodo. Inu aphunzitsi mukudziwa kuti mwana akamwa ndi njala amachita chizungulire, makolo n'kuyamba kukaniza ana awo chaka chotsatira. Phala lisanafike, mapilitsi asatuluke.

Za kunyanja ndingodutsamo, ngakhale zili ndi nkhani yokoma. Zigoba zoyamba za nyanja yathu kufika kwa akatswiri a ku Ulaya anatola ndi John Kirk, amene ankayenda ndi David Livingstone, ndipo Lanistes nyassanus inalembedwa mu 1865. Chigoba chake chikatsala chopanda mwini, tinsomba tina timakhalamo. Bulinus nyassanus, yolembedwa mu 1877, siikhala m'maudzu ngati anzake, imakhala pamchenga poyera. Ofufuza ku Chembe, ku Cape Maclear, anapeza kuti pamene nsomba yodya nkhono yotchedwa Trematocranus placodon inachepa chifukwa cha makoka, tinkhonoti tinachuluka, likodzo nalo n'kukwera. Mwana wa ku Chamama amene amapita ku Nkhotakota pa holide azidziwa kuti madzi oyera mbee si umboni.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna muudziwe mwana wochenjera asanakutchereni. Akatsegula intaneti pa foni adzapeza maina osiyana ndi a m'buku. Mabuku akale amagawa Gastropoda patatu: Prosobranchia, Opisthobranchia ndi Pulmonata, potengera ziwalo zopumira. Pulmonata ndi zopuma ndi phapo, ndipo Bulinus, ngakhale amakhala m'madzi, ali m'gulu limenelo, amakwera pamwamba kudzatenga mpweya. Atayamba kuyeza DNA zinaoneka kuti magulu atatuwo anasakaniza abale ndi anansi, ndipo mu 2005 Philippe Bouchet ndi Jean-Pierre Rocroi anatulutsa kagawidwe katsopano. Lymnaea natalensis ena tsopano amalemba Radix natalensis; Achatina fulica anasanduka Lissachatina fulica. Nkhono ndi yomweyo, chasintha ndi chiwongo, monga zimachitikira munthu akadziwa bambo ake enieni atakula kale. Pa mayeso ana alembe zimene zili mu silabasi. Chimodzimodzi nkhono yopanda chigoba ija imabisala kunsi kwa mtsuko ku bafa, imene Azungu amati slug. Si nkhono imene yathawa m'chigoba, ayi. Chigoba n'chomera pathupi, ukaichotsamo yafa. Komanso si banja limodzi. Mabanja angapo osiyana anataya chigoba paokhapaokha, ndiye kuziika pamodzi kuli ngati kunena kuti amuna onse a dazi ndi pachibale.

Lissachatina fulica ndiye wotchuka m'banja la chinkhono cha m'jumbo chija, ndipo kwawo ndi kuno kum'mawa kwa Africa. Kwathu sitimuopa kwenikweni chifukwa ali ndi omudya komanso chilimwe chimamugoneka miyezi yambiri. Kunja ndi chirombo choopsa. Anafika ku Calcutta mu 1847, ku Hawaii mu 1936, ndipo mu 1966 mnyamata wina anatenga zitatu ku Hawaii kupita nazo ku Miami, agogo ake n'kuzitaya m'dimba la maluwa. Boma la Florida linalimbana nazo pafupifupi zaka khumi. Ku Hawaii anabweretsa nkhono ina yodya zinzake, Euglandina rosea, kuti imalize chinkhonochi. Iyo inakasiya chinkhonocho n'kumadya tinkhono ta m'mitengo ta komweko, mitundu yambiri n'kutheratu. Nawonso anaganiza kuti nkhono ndi nkhono. M'maiko amenewo chinkhonochi chimanyamulanso nyongolotsi ya makoswe imene imadwalitsa bongo munthu akadya nkhono yosapsa kapena masamba osatsuka, ndiye mwana akachigwira asambe m'manja, ndipo letesi wa kudimba azitsukidwa bwino. Kudimba kwanga ndimazitola m'mamawa mame asanaume n'kupatsa abakha, ndipo m'mbali mwa bedi la mbande ndimawaza phulusa louma. Mchere umapha, poti umakoka madzi m'thupi mwake, koma umaononganso nthaka.

Liwu lina limene ana angalikonde ndi mphande, kachigoba koyera kozungulira kamene mafumu ndi akuluakulu akale ankavala pakhosi. Ndi tsinde la chigoba cha nkhono ya m'nyanja ya mchere yotchedwa Conus, chodulidwa n'kusalazidwa, ndipo chinkabwera ndi amalonda kuchokera kugombe la Indian Ocean. Livingstone analemba kuti mfumu Shinte ya Alunda inamuveka imodzi mu 1854 ngati mphatso yamtengo wapatali. Conus yamoyo ili ndi ululu, imabaya ndi dzino la radula yomwe ija losanduka mkondo. Choncho chokongoletsera cha mfumu, chinkhono cha m'dimba ndi kankhono ka likodzo, zonse ndi Gastropoda.

Ngati mungathe, phunziroli mulichite mu Okutobala madambo ataphwa. Ana atole zigoba zouma zokha m'matope ong'aluka, asalowe m'madzi. Chilichonse achiike m'bokosi la machesi, alembepo malo, tsiku, ndi mayankho a mafunso anayi aja m'Chichewa: kumtunda kapena m'madzi, chitseko, chophwatalala kapena chansonga, manja kapena manzere. Dziwani kuti nkhono ikafa chitseko chimagwa, ndiye pa chigoba chouma muyang'anenso kukula ndi kulimba kwake. Za chitseko zimakhala zokhuthala, Bulinus ndi Lymnaea n'zopyapyala moti ukafinya ndi zala zimaphwanyika. Mukafuna zamoyo zoti aone tinyanga, tolani nokha ndi sefa ya tiyi yomangirira ku ndodo, muike mu botolo la galasi, ana aziona osapisamo chala, ndipo madziwo mukatayire pouma kutali ndi chitsime. Dzina la Chilatini lilembedwe pomaliza, kunsi kwa bokosi. Mnyamata uja mumupatse bokosi la Bulinus apite nalo kwa agogo ake.